Mwana wa Nyundo, Muphwa wa Mlamba

M'kanyumba kometera ka a Mlamba munali mipando iwiri, koma wogwira ntchito unali umodzi. Winawo unathyoka chotsamira kalekale, ndipo ndi umene ankakhalapo a Nyundo Loweruka lililonse akatseka shedi yawo yowotcherera zitsulo. Sankabwerera kumeta, poti m'mutu mwawo munalibe tsitsi loti munthu n'kuyatsira makina. Ankabwera kudzakangana ndi mlamu wawo, ndipo panali anthu ena amene ankadikira dala tsiku limeneli kuti adzamete akumvera.

A Nyundo anakwatira mlongo wa a Mlamba. Masiku awo onse awiri anali ankhonya a m'gulu la zimphona, la anthu olemera kwambiri, ndipo aliyense anafika pakhomo pa lamba wa ukatswiri koma osalowa. Amene anawatsekera khomolo anali munthu mmodzi, mwini lamba wa nthawi imeneyo, yemwe anthu ankamutcha Chigayo. A Nyundo anamugwetsa Chigayo pa raundi yachiwiri, chinthu chimene wina aliyense anali asanachitepo. Koma Chigayo anadzuka, n'kupukusa mutu, ndipo pofika raundi yachisanu ndi a Nyundo amene ankakupizidwa ndi thaulo ali chagada. A Mlamba sanamugwetse Chigayo, komanso iwo sanagwe. Anamuzemba, kumuterera m'manja mpaka belu lomaliza, n'kugonja pa mapointi nkhope ilibe chilema. Awiriwo okhaokha sanakumanepo m'zingwe. Nkhani yoti akumane itangoyamba kumveka, mkazi wa a Nyundo ananeneratu kuti amene adzamenye mnzake asadzapondenso pakhomo pake, kaya ndi mwamuna wake kaya ndi mlongo wake.

Choncho funso linatsala lili chiimire. Wamkulu ndani, wogwetsa Chigayo kenako n'kugwa, kapena wosagwa koma osagwetsa?

"Alamu, nkhonya ndi kumenya," ankatero a Nyundo, akugogoda chibakera pabondo. "Anthu analipira kudzaonera ndewu, inu n'kuwaonetsa mpikisano wothamanga."

"Ine ndinabwerera kunyumba ndi miyendo yanga, alamu," ankayankha a Mlamba, makina ali m'mwamba, wometedwa atatsala ndi tsitsi mbali imodzi. "Inu anachita kukunyamulani anthu anayi, ndipo mmodzi mpaka lero msana sunawongoke."

"Koma Chigayo anagwa. Munaona ndi maso anu."

"Anagwa, inde. Nanga atadzuka anapeza ndani?"

Zaka zinapita, mimba zinakula, mawondo anayamba kulira pokwera masitepe, koma mkanganowo sunakalambe. Ukanakhala wosapweteka munthu, ngati mikangano yambiri ya pometera, pakanapanda mwana.

Mwanayo anali woyamba kubadwa wa a Nyundo, ndipo kunyumba ankangomutchula kuti Wachisamba. Ankagwira ntchito yosenza matumba a simenti pa nyumba yosungira katundu, ndipo akaweruka ankapita ku kalabu ya nkhonya kuseri kwa msika. Anatenga mapewa a bambo ake ndi miyendo yaitali ya kwa amayi ake. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anali atagwetsa amuna ambiri, analibe dzina lakelake la m'zingwe. Okonda a Nyundo ankamutcha Mwana wa Nyundo, okonda a Mlamba ankati Muphwa wa Mlamba, ndipo iye ankavomera onse awiri. Amene anamuphunzitsa kuyambira pachiyambi anali mkulu wina wosalankhulalankhula, womangirira magalasi ake ndi chingwe cha nsapato, yemwe aliyense pa kalabupo ankangomuti Aphunzitsi.

Ndiye kunabwera uthenga. Wachisamba amenyane ndi munthu wotchedwa Wotchi, ndipo wopambana ndiye adzakumane ndi mwini lamba. Wachisamba sanali mwana wa dzulo pa masewerawa. Zaka zake za mphamvu zinali zitayamba kupendekeka, ndipo iye ankadziwa, monga ankadziwiranso madala awiri aja, kuti khomo lotere limatseguka kamodzi. Anamanga mfundo mumtima mwake kuti lamba amene anakana bambo ake n'kukananso malume ake adzalowa m'nyumba mwawo, zivute zitani.

Wotchi sanali woopsa pomuona. Dzinalo anamupatsa chifukwa ankachita chinthu chimodzimodzi osatopa: kuponya lamanzere, kutsatiza lamanja pamwamba, kusuntha pang'ono, n'kuyambiranso. Analibe luso lina. Koma chimodzi chimenecho ankachichita popanda kuganiza, monga munthu amaphethirira.

A Nyundo anamuitana mwana wawo tsiku lomwelo. "Kuyambira mawa uzifika ku shedi m'mawa usanapite ku ntchito. Ameneyu ndi wongomuthyola. Ndikupatsa dzanja limene linagwetsa Chigayo."

"Chabwino, Bambo."

Madzulo ake a Mlamba anamudikirira pakhomo pa kanyumba kawo. "Muphwa wanga, bambo akowo ndi munthu wabwino, koma asakuphetse. Ukaweruka uzidzera kuno. Ndikupatsa miyendo imene Chigayo anaisaka mpaka kutopa."

"Chabwino, Malume."

Atakafotokoza ku kalabu, Aphunzitsi anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Bambo ako amadziwa nkhonya. Malume ako amadziwanso nkhonya. Sankha mmodzi, ndidzakusungira thumba lomenyapo nkhonya ndi anzako oyeserera nawo. Ukafuna kutsala ndi ine, tsala ndi ine. Koma ine sindingakhale pakamwa pachitatu."

"Ndikhoza kutenga zabwino za onse, Aphunzitsi."

"M'zaka zisanu mwina ukhoza. Iwe uli ndi miyezi iwiri."

Wachisamba anangomwetulira, n'kunyamula chikwama chake. Anali munthu waulemu, koma ulemu wake unali ndi mutu wouma mkati.

Ku shedi, pakati pa mageti osapenta ndi fungo la chitsulo chopsa, a Nyundo anagoneka pansi tayala lakutha n'kumuuza kuti aike phazi lakumbuyo mkati mwake. Phazilo lisatuluke. Iwo ankabwera ndi magolovesi akale, n'kumamuponyera nkhonya mbali zonse. "Akakumenya usabwerere m'mbuyo! Luma mano, ponda pansi, bweza lamanja pomwepo. Nkhonya yake ikamabwera, iwe lowa mkati mwake, isanakhwime." Phazi likangotuluka m'tayala ankayambiranso. Wachisamba ankachoka pamenepo thukuta lili kamukamu, n'kupita kukasenza simenti.

Madzulo, kuseri kwa kometera, pansi pa zingwe zoyanikapo matawulo, a Mlamba ankatenga thaulo lonyowa n'kumamukwapula nalo kumaso. Lamulo linali lakuti thaulo lisamukhudze. "Akaponya, asakupeze pamene anakuona. Phazi lakumbuyo liyambe, thupi litsatire. Manja amasuke, usawaumitse. Munthu wamkulu akamenya mphepo katatu, wachinayi wayamba kupuma ndi pakamwa, pamenepo ndiye wako."

Tisanamizane, palibe mwa awiriwa amene ankaphunzitsa bodza. Njira ya tayala yagwetsa amuna, njira ya thaulo yasunga amuna. Vuto linali lakuti phazi limene m'mawa linkalangidwa chifukwa chosuntha ndi lomwelo limene madzulo linkalangidwa chifukwa choima. Ndipo madala awiriwo, atadziwa kuti mwanayo akupita konsekonse, sanakwiye. Anasangalala, poti aliyense anaona kuti mlandu wa zaka zonsezi wapeza woweruza. Akadzapambana pogwetsa, ndiye kuti a Nyundo ankanena zoona. Akadzapambana pozemba, a Mlamba adzayenda chifuwa chili patsogolo.

Amene anaona msanga kuti zinthu zapotoka anali amayi ake. Tsiku lina Lamlungu anamupeza atakhala pakhonde, manja ataviika m'beseni la madzi ofunda, akugwedeza phazi ngati likumuyabwa.

"Wachisamba, ine ndinapukutapo magazi a bambo ako, ndinasisitaponso mawondo a achimwene angawo. Ndimawadziwa kuposa mmene iwe ukuwadziwira. Akakuyang'ana sakuona iwe ayi, akuona Chigayo."

"Onse akundifunira zabwino, Amayi."

"Sindikukana. Koma sankha mmodzi."

"Ndikasankha Bambo, Malume ndidzawayang'ana bwanji? Ndikasankha Malume, m'nyumba muno tidzadya? Komanso taganizani, Amayi. Bambo anali ndi dzanja popanda miyendo, Malume anali ndi miyendo popanda dzanja. N'chifukwa chake onse analephera. Ine ndikhala nazo zonse."

Amayiwo anamuyang'ana mwana wawo, chimunthu chachikulu chodzaza khonde, ndipo anamumvera chisoni. "Tandiuza, iwe ukufuna lamba kapena ukufuna madala awiri aleke kukangana?"

"Zonse."

"Ehe, mawu akowo ndi amenewo," anatero, n'kutenga beseni kukataya madzi.

Tsiku loyeza sikelo, dzulo lake la nkhonyayo, woyang'anira masewera anafunsa funso limene amafunsa aliyense: pakona pako mwini mawu ndani? Lamulo lake n'lodziwika. Belu likalira, munthu mmodzi yekha ndiye amalowa m'zingwe kukalankhula ndi womenya pa kamphindi kopuma kaja. Ena amakhala kunja, ntchito yawo madzi, thaulo ndi kusamalira zilonda. A Nyundo anali kumanja kwa mwana wawo, a Mlamba kumanzere, aliyense atavala malaya ake abwino. Apa ndi pamene Wachisamba akanatha kudzipulumutsa ndi liwu limodzi.

"Azisinthana," anatero. "Raundi yoyamba ikatha alowe Bambo, yachiwiri ikatha alowe Malume, choncho choncho."

Woyang'anirayo anakweza maso. "Chiyambire ntchitoyi sindinamvepo zotere."

"Lamulo likuletsa?"

"Likungoti m'zingwe muzilowa mmodzi."

"Ndiye azilowa mmodzi."

Wachisamba anatuluka akudziona wanzeru, poti palibe amene anakhumudwa.

Nkhonyayo inachitika masana, mu holo ya malata yotentha ngati uvuni, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Raundi yoyamba Wachisamba anamenya monga anazolowera zaka zonse, osathamanga, osaima, ndipo anaitenga bwinobwino. Belu litalira analowa a Nyundo. "Wamuona? Palibe chilipo. Lowa, um'malize."

Wachisamba analowadi. Chapakati pa raundi yachiwiri lamanja lake linapeza nthiti za Wotchi, lina linapeza khutu, ndipo Wotchi anayenda dzandidzandi mpaka kukatsamira zingwe. Holo yonse inaimirira. Belu ndi limene linamupulumutsa. Akanalowanso a Nyundo pamenepo, mwina nkhani ino ikanakhala ina. Koma inali nthawi ya a Mlamba.

"Ukupuma wefuwefu, muphwa wanga. Bambo ako anathera pomwepa, pothamangitsa munthu wovulala. Usamutsatire. Zungulira, puma, mulole abwere yekha."

Raundi yachitatu Wachisamba anazungulira mokongola, anthu mpaka kuwomba m'manja. Wotchi sanamukhudze. Koma nayenso Wotchi anapuma, maso ake anayera, miyendo yake inabwerera. A Nyundo analowa m'zingwe atapsa mtima. "Unali utapha nyama, n'kuisiya ipite kukamwa madzi! Ponda pansi!" Raundi yachinayi Wachisamba anapondadi pansi, n'kulowa kwa munthu amene tsopano anali atachira, ndipo anabwerera pakona nsidze yakumanzere itang'ambika.

Kamphindi kopuma ndi kakafupi, ndipo n'ka womenya, osati ka akumbali. Koma ulendo uno a Mlamba atangolowa, anatembenukira kwa mlamu wawo kunja kwa zingwe.

"Mwaona zimene mwachita, alamu?"

"Ndachita ine? Munam'dzutsa ndinu ndi gule wanuyo!"

"Mukufuna mwana adzanyamulidwe ngati inu?"

"Bola kunyamulidwa kusiyana ndi kuthawa!"

Wachisamba anakhala pa kampando, magazi akutsikira m'diso, akuyang'ana botolo la madzi limene linali m'manja mwa bambo ake, likugwedezeka m'mwamba pamodzi ndi mkangano. Belu linalira asanamwe, nsidze isanatsekedwe. Anaimirira yekha, n'kubwezera choteteza mano m'kamwa ndi golovesi. Sanataye mtima. Anati mumtima mwake, raundi ino ndi yanga, ndipambana ngakhale ndi diso limodzi.

Wotchi anabwera monga amabwerera nthawi zonse. Lamanzere, kenako lamanja pamwamba. Wachisamba anaiona nkhonyayo ikunyamuka. Inali nkhonya imene anaikonzekera miyezi iwiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo mayankho ake anali nawo awiri, onse abwino. Kuchokera pakona kunamveka mawu awiri nthawi imodzi.

"Lowa!"

"Tuluka!"

Phazi lakumbuyo linamvera malume, linayamba kubwerera. Dzanja lamanja linamvera bambo, linatsika kuti likoke mphamvu yobwezera. Sanalowe mokwanira kuti nkhonyayo imupeze isanakhwime, sanatuluke mokwanira kuti imuphonye. Anaima pakati, pamene nkhonya imafika itakhwima, chibwano chili poyera.

Anagwa cham'mbali. Woimbira akuwerenga, iye anagwira chingwe, n'kudzikoka mpaka kuimirira, poti mtima wake unali usanavomere. Koma woimbirayo atamuuza kuti ayende, miyendo inapita kwina. Woimbira anamukumbatira, n'kukweza dzanja kuti zatha.

M'chipinda chovalira, namwino akumusoka nsidze, madala aja anapitiriza.

"Akanamva ine, ikanatha pa raundi yachitatu."

"Akanamva ine, bwenzi pano akuvina mpaka belu lomaliza."

Wachisamba anadikira kuti namwino amalize. Kenako analankhula motsitsa, poti chibwano sichinkalola zambiri. "Ndinakumverani nonse."

Amayi ake, amene anali chiimire pakhomo ndi chikwama cha mwana wawo, anamuveka jekete pamapewa n'kutuluka naye.

Patapita miyezi, Wotchi anakumana ndi mwini lamba, n'kumulanda ndi nkhonya zake ziwiri zomwe zija. Wachisamba anamva nkhaniyo pa wailesi ali pamwamba pa lole, thumba la simenti lili paphewa. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti munthu ameneyu anali atamutsamiritsa pa zingwe. Anatsitsa thumbalo, n'kukatenga lina.

Loweruka lotsatira analowa m'kanyumba kometera. Mkangano unali utayamba kale, tsopano uli ndi mutu watsopano, woti ndani anam'luzitsa mwana. Anatsegula chikwama chake, n'kutulutsa magolovesi a anthu awiri. Ena anaika pamiyendo pa bambo ake, ena pa shelefu pakati pa zipeso ndi malumo.

"Bambo, Malume, ndalankhula ndi Aphunzitsi. Mawa masana ku kalabu kulibe anthu. Mukamenyane nokha, tidziwe wamkulu. Chibwano changa chaweruza mlandu wanu kamodzi, sichidzaweruzanso."

Makina anazima. Wometedwa anayang'ana pansi. A Nyundo anayang'ana magolovesiwo, n'kuyang'ana manja awo odzaza zipsera za moto. A Mlamba anasisita bondo.

"Bondo langali, muphwa wanga, masiku ano..."

"Komanso amayi ako analetsa," anatero a Nyundo, mawu atachepa.

Wina pa benchi anayesa kuseka, koma anaona kuti ali yekha.

"Ndikuyambiranso," anatero Wachisamba. "Ndimakukondani nonse, ndipo cholakwa chachikulu chinali changa, poti ndinauzidwa kuti ndisankhe, ine n'kukana. Mukafuna kudzaonera, mudzakhale pa mipando ndi anthu."

Mawuwo anawalasa a Nyundo, ndipo sanabise. "Ndiye pakona pako padzakhala ndani, mwana wanga?"

"Munthu mmodzi."

Lolemba Wachisamba anafika ku kalabu. Aphunzitsi sanamufunse kanthu, sanamukumbutsenso zimene ananena. Anangomuponyera chingwe cholumpha, n'kumulozera pakona pamene amayambira atsopano. Masiku ano Wachisamba amamenya nkhonya zotsegulira, zija zimachitika ogulitsa matikiti akadali pakhomo ndipo mipando yambiri ilibe anthu. Akupambana, imodzi imodzi. Kaya khomo la lamba lidzatsegukanso zaka zisanamupitirire, palibe angalumbire, ndipo iye mwini amadziwa kuti mwina linatsekeka masana aja. Madala awiriwo amabwera, amakhala moyandikana pa mzere wachitatu, ndipo mwana wawo akamamenya amaluma milomo.

Akale anaona munthu amene mvula inamupeza pakati pa mapanga awiri, lililonse louma bwino, lokwana kubisalamo. Anathamangira lina, n'kukumbuka ubwino wa linzake, n'kubwerera, ndipo mvula inam'thera pathupi ali pakati. Amayi a Wachisamba ndiwo anamukumbutsa mawuwa tsiku lomuchotsa ulusi pa nsidze, osati momunyoza, koma monga munthu amene anaona mitambo ikadali kutali: mapanga awiri avumbwitsa.